Joseph Booth ndi Khofi wa Amishoni: Kuyamba Bizinesi ndi Kuiyendetsa

Mawu oyamba

Ndinabadwira ndi kukulira m'boma la Ntcheu, ndipo maina a Ntonda, Chiole, Dombole ndi Gowa ndinayamba kuwamva ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Kwa ife ana, awa anali malo a tchalitchi, sukulu kapena chipatala basi. Palibe amene anatiuzapo kuti anthu amene anatsegula malo amenewa anabwera atanyamula Baibulo pamodzi ndi mbande za khofi, ndiponso kuti m'mabuku awo munali masamu a mpamba, malipiro ndi phindu ngati a wamalonda wina aliyense.

Dzina la Joseph Booth ndinakumana nalo ku pulayimale. Aphunzitsi anatiuza kuti uyu anali mzungu amene analemba ntchito John Chilembwe n'kupita naye ku America, ndipo chiganizo chimodzi chomwecho chinali chokwanira kukhozera mayeso. Chaka chatha, ndikufufuza mu laibulale za amishonale oyamba ndi kalembedwe ka Chinyanja, ndinapeza buku la mbiri ya Booth limene analemba mdzukulutuvi wake Harry Langworthy, losindikizidwa kuno ku Malawi mu 1996. Ndinadabwa kupeza kuti munthu amene ndinkamuyesa mlaliki chabe anali wamalonda asanakhale mmishonale, ndipo kuti mishoni zake anazikonza ngati mabizinesi.

Chinanso chimene chinandikoka n'chakuti mbiriyo inandikumbutsa za kwathu. Amayi anga akhala akugulitsa kachewere, kabichi ndi tomato m'mphepete mwa msewu wa M1 kwa zaka pafupifupi 20, ndipo ndalama imene ndimadyera kuno ku yunivesite imachokera pa milu yomweyo. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anayamba mabizinesi atatu m'zaka zisanu ndi chimodzi, onse akuluakulu kuposa geni ya amayi, koma lero palibe ndi imodzi yomwe imene ikuyenda. M'nkhani ino ndifotokoza moyo wa Booth poyang'ana mbali ya malonda, pofuna kuonetsa kuti luso loyamba bizinesi ndi luso loiyendetsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu angathe kukhala katswiri pa choyambacho n'kulephera pa chachiwiricho.

Ubwana ndi chuma choyamba

Joseph Booth anabadwira mumzinda wa Derby ku England mu 1851. Mayi ake anamwalira iye akadali mnyamata, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 14 anachoka pakhomo pa bambo ake atasemphana nawo pa nkhani za chikhulupiriro. Maphunziro ambiri anadzipatsa yekha powerenga mabuku. Analowa mpingo wa Baptist, ndipo mu 1872 anakwatira Mary Jane Sharpe. Khalidwe limene linaoneka pa ubwanawu, lochoka pamalo akangosemphana maganizo ndi eni malowo, linamutsatira moyo wake wonse.

Mu 1880 Booth anasamukira ku Auckland m'dziko la New Zealand, ndipo mu 1887 anapita ku Melbourne ku Australia. Kumeneko bizinesi inamuyendera bwino moti anali munthu wopeza ndithu, wolemekezeka ndi mumpingo momwe. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa amishonale ambiri a nthawi imeneyo anali abusa, aphunzitsi, madokotala kapena amisiri olandira malipiro kuchokera ku mipingo ya kwawo. Booth anali atalawa kale kukoma kwa ndalama yopanga wekha, ndipo ankadziwa kuti ndalama ikayikidwa pabwino imabala inzake.

Ku Melbourne komweko ankakonda kutsutsana pagulu ndi anthu osakhulupirira kuti kuli Mulungu. Mmodzi mwa iwo, Joseph Symes, anamuputa pomukumbutsa lamulo la Yesu kwa mnyamata wachuma uja, logulitsa zonse n'kupatsa osauka, n'kumufunsa chifukwa chimene iye ankakhalirabe pa chuma chake. Mawuwo anamulasa Booth. Mu 1891 anagulitsa bizinesi yake n'kudzipereka kukhala mmishonale. M'chaka chomwecho mkazi wake anamwalira, koma iye sanabwerere m'mbuyo. Ananyamuka ndi ana ake awiri, Edward ndi Emily, ndipo mu 1892, ali ndi zaka 41, anafika ku Blantyre ndi Emily, kamtsikana kosakwana zaka khumi.

Masamu a khofi

Ganizo limene Booth anabwera nalo linali losavuta kulimva. Iye ankaona kuti mishoni yodalira zopereka za ku Ulaya singafalikire msanga, chifukwa chaka chilichonse imayenera kudikira thumba la anthu ena. Potengera chitsanzo cha William Carey, mmishonale wa Baptist amene ankadzipezera yekha ndalama ku India, Booth anafuna mishoni yodzidyetsa yokha. Anthu akufuna kwabwino apereke mpamba kamodzi kokha. Ndalamayo igule malo, alimepo mbewu yogulitsa kunja, ndipo mbewuyo ikayamba kubala, phindu lake liyendetse sukulu ndi tchalitchi, lotsala likatsegulire mishoni ina. Yachiwiriyo idzabala yachitatu, ndipo zidzapita choncho mpaka Africa yense atadzaza. N'chifukwa chake m'maina a mishoni zake munali liwu lakuti Industrial, kusonyeza kuti pamalopo pazigwiridwa ntchito yobweretsa ndalama.

Mbewu imene anasankha inali khofi. Mtengo woyamba wa khofi unafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali patsogolo pa katundu yense wotumizidwa kunja kuchokera m'dziko lino. Azungu ankathamangira kumapiri a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje kudzatsegula minda. Booth anachita zimene wamalonda aliyense amachita, kutsata kumene kukumveka ndalama.

Malo anasankhanso mwa nzeru za malonda. Zambezi Industrial Mission anaikhazika ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre, kumene kunali msika, sitolo za kampani ya African Lakes imene anthu ankaitcha Mandala, ndi njira yopita ku mtsinje wa Shire. Amishonale a ku Scotland anakwiya poona kuti mlendoyu wadzamanga pakhomo pawo m'malo mopita kumadera kumene kunalibe mishoni. Koma njanji inali isanafike, inadzafika ku Blantyre mu 1908. Thumba lililonse la khofi linkayenda pamutu pa amtengatenga kutsikira ku Shire, kenaka pa sitima yapamadzi mpaka ku doko la Chinde. Munda ukatalikira njira imeneyi, phindu lonse linkathera pa mayendedwe. Amayi anga sanawerengepo za Booth, koma nawonso amadziwa kuti thumba la kachewere ku Tsangano ndi thumba lomwelo pamsewu wa tala mitengo yake imasiyana chifukwa cha lole.

M'zaka zochepa mishoniyo inali ndi malo a maekala masauzande ambiri. Apa pali chinthu chimene sindingachilumphe. Munthu amene anadzatchuka ponena kuti Africa ndi wa Aafirika anayamba ntchito yake pogula malo aakulu a Aafirika pa mtengo wozizira, monga ankachitira azungu anzake onse. Cholinga chake chinali chosiyana ndi chawo, koma kwa mwini munda amene anauzidwa kuti malowo tsopano ali ndi pepala, kusiyanako sikunkaoneka.

Njira ya ku Ntcheu

Munda wa khofi umafuna manja ambiri, makamaka nthawi ya mvula pamene anthu a m'midzi yoyandikana nawo amakhala ali kalikiliki m'minda mwawo. Eni minda ya ku Blantyre anayamba kuyang'ana kumpoto, ku dziko la Angoni a Maseko, kumene kunali anthu ambiri. Magulu a amuna ochokera kwathu ankayenda pansi, kuoloka Shire, kukagwira ntchito miyezi ingapo n'kubwerera ndi nsalu, mchere ndi ndalama ya msonkho wa nyumba, umene pa nthawiyo unali masheleni 3.

Umu ndi m'mene dzina la kwathu linalowera m'mbiri ya Booth. Pofika 1896, Zambezi Industrial Mission inali itatsegula nthambi ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole. Malowa anali olalikirapo ndi kuphunzitsirapo, komanso anali pa njira ya anthu opita kukagwira ntchito kumwera. Ku Gowa nako kunakhazikika Baptist Industrial Mission, imene inabadwa Booth atakopa Akhristu a ku Scotland mu 1895 kuti ayikepo ndalama zawo. Kunena mwachidule, dera lathu linali nkhokwe ya antchito pa masamu a khofi aja.

Pa nkhani ya malipiro Booth anasiyana ndi anzake. Ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa zimene eni minda ena ndi amishoni ena ankapereka, ndipo anthu ena ophunzira anachoka ku mishoni ya Blantyre n'kumutsatira. Azungu anamuda chifukwa chokweza mtengo wa antchito. Iye ankakhulupirira kuti Mwafirika ayenera kulipidwa moyenera ndi kupatsidwa udindo, mpaka adzathe kuyendetsa minda ndi mabizinesi akeake. Ndikamawerenga zimenezi mtima wanga umakhala kumbali yake. Komabe masamu ake anali ovuta. Khofi amatenga zaka zitatu kapena zinayi asanayambe kubala, ndipo zaka zonsezo wolima amangotulutsa ndalama, yolowa palibe. Wolipira bwino antchito pa nyengo yotereyi ayenera kukhala ndi mpamba wautali, kapena eni mpamba oleza mtima. Booth analibe zonse ziwiri.

Kuyenda kwa anthu ndi ndalama kunagwedezanso ufumu wa Angoni. Inkosi Gomani Woyamba sanakondwere ndi msonkho wa azungu, ngakhalenso kuona anthu awo akuchoka m'manja mwawo kukagwira ntchito m'minda ya alendo ndi kukabisala pa mishoni. Mu 1896 ankhondo awo anatentha midzi ina yoyandikana ndi malo a mishoni, amishonale anakanena ku boma, ndipo asilikali anabwera. Inkosi Gomani anaomberedwa pa 27 Okutobala 1896. Manda awo ali ku Nkolimbo, kumene timasonkhana pa mwambo wa Umhlangano. Pa nthawiyo Booth anali atasiyana kale ndi mishoniyo, choncho sindikumuikira mlandu wa imfayi. Ndikungofuna kuonetsa kuti bizinesi ikalowa m'dera imasuntha zinthu zimene woiyambitsa sanazilembe m'buku lake.

Mpamba wa eni

M'Chichewa tili ndi mawu angapo onena za malonda, ndipo ambiri ndi obwereka. Bizinesi, sitolo ndi okala anachokera ku Chingerezi, ndipo geni nalo linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza phindu. Koma liwu lakuti mpamba ndi lathu, ndipo aliyense wogulitsa pamsika amadziwa malamulo ake awiri. Loyamba, mpamba sadya. Lachiwiri, mpamba wobwereka uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi pakamwa.

Lamulo lachiwirili ndi limene linamugwetsa Booth. Ndalama zake za ku Melbourne sizikanakwanira ntchito yaikulu chonchija, motero anapita kwa anthu a ku Britain, ndipo pokopa anthu anali ndi lilime lakuthwa. Koma operekawo anapanga komiti, malo analembedwa m'dzina la mishoni, ndipo amishonale ena anatumizidwa kudzagwira naye ntchito. Posakhalitsa panabuka mikangano pa kayendetsedwe ka ndalama, pa ziphunzitso, makamakanso pa liwiro limene Booth ankafuna kuti Aafirika apatsidwe udindo. Pofika 1896 anali kunja kwa Zambezi Industrial Mission imene anaiyambitsa yekha, komanso kunja kwa Nyasa Industrial Mission imene anayambitsa ku Likhubula pafupi ndi Blantyre. Anachoka pamene mitengo yambiri ya khofi inali itangoyamba kubala. Zaka zomwezo anataya mwana wake Edward, amene anamwalira ndi malungo mu 1894.

Munthu wina akanakhala pansi n'kuunguza pamene panalakwika. Booth anayamba china chachikulu kuposa choyambacho. Mu 1896 anapita ku Natal ndi ganizo la African Christian Union, bungwe limene Aafirika eni ake azisonkha ndalama zogulira minda ndi kuyendetsa malonda awo. Azulu ophunzira anamumvetsera nthawi yaitali, koma pamapeto pake anakana, chifukwa zimene anaona kwa azungu zinali zitawaphunzitsa kusakhulupirira mzungu aliyense, ngakhale wolankhula zokoma. Mu 1897 anapita ku America ndi Chilembwe, ndipo kumeneko anasindikiza kabuku kotchedwa Africa for the African, kunena kuti Africa akhale wa Aafirika. Awiriwa anasiyana konko. Chilembwe analowa sukulu ya ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia mothandizidwa ndi mipingo ya anthu akuda.

Booth anayamba kusunga Sabata n'kulowa mpingo wa Seventh Day Baptist, ndipo anapeza eni mpamba atsopano mumzinda wa Plainfield ku New Jersey. Mu 1899 anabwerera kuno kudzayambitsa Plainfield Industrial Mission. M'chaka chomwecho analemba chikalata cha madandaulo chopita kwa Mfumukazi Victoria, chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito ya maphunziro a Aafirika ndiponso kuti pakatha zaka 21 dziko libwezedwe kwa eni ake. Alfred Sharpe, amene ankatsogolera boma la atsamunda, anafuna kumugwira ndi kumupitikitsa, ndipo Booth anathawira kumalire a Mozambique. Analoledwa kubwerera mu 1900 atalonjeza kusiya ndale. Pempho lakelo linali lolungama, ndipo mbiri inadzamuvomereza mu 1964. Koma kwa anthu a ku Plainfield, amene anapereka ndalama zolimira khofi, woyendetsa ntchito yawo anali m'tchire kuthawa boma.

Kugwa kwa khofi

Ngakhale Booth akanakhala wofatsa ngati nkhosa, panali mdani wina amene sakanamugonjetsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, dziko la Brazil linalima khofi wochuluka kwambiri moti mtengo wake unatsika pa misika ya dziko lonse. Kuno kwathu kunabwera chilala, tizilombo tinalowa m'mitengo, ndipo nthaka ya m'minda yambiri inaguga. Chitadutsa chaka cha 1900, ulimi wa khofi unalowa pansi mofulumira, ndipo eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Munda umene Booth anagula ku Thyolo ndi ndalama za ku Plainfield unali wa khofi, ndipo unagulidwa pa nthawi yoipitsitsayi. Zokolola zinakanika, ngongole inakula, ndipo mu 1902 malowo anagulitsidwa kwa mpingo wa Seventh-day Adventist. Amenewa ndi malo amene lero timawadziwa kuti Malamulo. Booth analowa nawo mpingowo, koma patangopita miyezi yochepa anasemphana nawonso n'kuchoka m'dziko lino. Sanabwererenso.

Masamu aja, akuti mishoni imodzi izibala inzake, anatsamira pa zinthu ziwiri zimene sizinali m'manja mwa Booth, mvula ndi mtengo wa khofi ku London. Mbewu inali imodzi, msika unali umodzi, ndipo unali kutsidya kwa nyanja. Ife a masiku ano tisamuseke. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinaona ndi maso anga eni maokala akugulitsa katundu yense pa mtengo wakale, n'kupita kukaoda, n'kupeza kuti ndalama yonseyo ikugula theka la shelefu. Chigamulo chinapangidwa kutali, koma chinawapeza pa kauntala pawo. Amayi anga anapulumuka chifukwa katundu wawo amachokera m'minda ya kwathu konkuno, ndipo tomato akagwa mtengo amatsamira pa kabichi.

Zaka zotsiriza

Atachoka kuno, Booth anakhala ku Britain ndi ku South Africa, ndipo boma la atsamunda linamuletsa kulowanso m'dziko lino. Anapitiriza kusintha mipingo ndi kuyambitsa mabungwe. Mu 1906 anagwirizana ndi Charles Taze Russell wa gulu la Watch Tower, ndipo anaphunzitsa Elliot Kamwana amene anakagwedeza dera la Atonga ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909. Kenaka anabwerera ku Seventh Day Baptist n'kumalemberana makalata ndi Charles Domingo ndi atsogoleri ena a kuno. Munthu amene anali wopeza ku Melbourne anakhala zaka zambiri movutika, akudalira thandizo la ena.

Chilembwe ataukira boma mu Januwale 1915, atsamunda anamuganizira Booth kuti ndiye anafesa mbewuyo, ngakhale iye ankadana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse. M'chaka chomwecho anachotsedwa kumwera kwa Africa n'kutumizidwa ku England. Anabwererako nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, kenaka anakathera ku England, kumene anamwalira mu 1932 m'tauni ya Weston-super-Mare ali ndi zaka 81. Pa minda yonse imene anatsegula panalibe ndi ekala imodzi yomwe imene inali yake.

Zimene zinatsala

Tikawerenga monga amawerengera wamalonda, Booth analephera. M'zaka khumi, kuchokera 1892 mpaka 1902, anayambitsa kapena kuthandiza kuyambitsa mishoni zinayi za mtundu umenewu, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene anakhalapo nthawi yokwanira kuti aone phindu lake likubala mishoni ina monga analonjezera. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Komabe malo aja alipo mpaka lero. Ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole kuli mpingo wa Zambezi Evangelical Church, umene likulu lake lili ku Mitsidi komwe kuja. Gowa inadzapita m'manja mwa mpingo wa Church of Christ. Nyasa Mission inabala Evangelical Church of Malawi, ndipo Malamulo ndi chipatala chodziwika m'dziko lonse. Monga wophunzira chiyankhulo, chimene chinandigwira mtima n'chakuti liwu lija lakuti Industrial linagwa m'maina onsewa. Khofi anatha, dzina linafupika, ndipo chotsala ndi chimene anthu ena anakhalira pansi n'kuchisamala, amishonale amene anatsalira ndi aphunzitsi, alaliki ndi anamwino akuda amene ambiri mwa iwo maina awo sanalembedwe paliponse. Booth anakumba maziko, koma khoma anamanga ndi ena.

Chinanso chimene chinatsala ndi ganizo lakuti munthu wakuda angathe kukhala mwini bizinesi. Chilembwe atabwerera mu 1900 anatcha mishoni yake ya ku Mbombwe ku Chiradzulu kuti Providence Industrial Mission, kusunga liwu lomwe lija. Ankalimbikitsa anthu ake kulima mbewu zogulitsa, kusoka ndi kuchita malonda, ndipo mu 1909 anali mmodzi mwa oyambitsa Natives' Industrial Union, bungwe lofuna kuti alimi ndi amalonda akuda azithandizana. Pakati pa anthu amene anaphedwa ndi boma mu 1915 panali Duncan Njilima, wamalonda amene anali ndi sitolo zakezake. Kwathu ku Ntcheu, Filipo Chinyama, amene ankagwirizana ndi mpingo wa Sabata umene Booth anabweretsa, anasonkhanitsa anthu kuti akathire nkhondo boma la Ntcheu, koma zinakanika ndipo anagwidwa n'kuphedwa. Anthu amenewa anafika pozindikira kuti khama pa malonda silipita patali ngati malo, msonkho ndi malamulo zili m'manja mwa wopikisana naye. Kusiyana kwa Chilembwe ndi mphunzitsi wake n'kwakuti iye anakhala pa Mbombwe zaka 15 osasuntha, mpaka anamanga tchalitchi cha njerwa.

Mawu omaliza

Ndibwerere kwa amalume anga. Bizinesi yawo yoyamba inali okala, ndipo inkayenda bwino ndithu. Isanathe zaka ziwiri anamva kuti ndalama zili mu soya, anagulitsa katundu yense, anawonjezera ngongole n'kugula matumba kuti adzagulitse mtengo ukakwera. Mtengo sunakwere pa nthawi imene mwini ngongole ankafuna ndalama yake. Atagulitsa modula mtima, anatenga ngongole ina n'kugula njinga yamoto ya kabaza, n'kuipereka kwa mnyamata woti aziyendetsa iwo ali kwina kusaka mwayi wina. Njingayo inatha ngati makatani. Amalume ndi munthu wanzeru, wodziwa kulankhula, woona mwayi anzawo asanauone, ndipo ndikamawerenga za Booth ndimamva ngati ndikumva mawu awo. Chimene chimawasowa ndi chomwe chinamusowa Booth, kukhala pamalo amodzi mpaka mtengo ubale.

Amayi anga sanayambitsepo chinthu chimene chingalembedwe m'buku. Amadzuka mdima usanachoke, amadziwa alimi amene amaoda kwa iwo ndi maina a ana awo omwe, ndalama ya mpamba amaimanga pa kansalu kosiyana ndi ya ndiwo, ndipo sanatengepo ngongole yoposa imene angabweze ndi malonda a mwezi umodzi. Amakonda kunena kuti geni ili ngati mwana, imafuna kuleredwa. Komabe ndinganame nditanena kuti njira yawo ndi yokwanira. Patatha zaka 20 milu yawo ikadali yomweyo, ndipo mvula ikagwa amafunditsa katundu ndi pepala la pulasitiki. Kudekha kwawo kwatiphunzitsa sukulu, koma sikunawamangire ngakhale kashedi. Pamafunikanso kamtima kena konga ka Booth, kolota zazikulu ndi kolimba mtima kupempha.

Chaka chamawa ndimaliza maphunziro, ndipo ndikudziwa anzanga ambiri amene anatsogola ali ndi madigiri m'mabokosi, ntchito osaipeza. Nthawi zambiri timauzidwa kuti tidzilembe tokha ntchito. Ineyo ndili ndi ganizo lotsegula kaofesi komasulira zikalata ndi kulembera anthu makalata pa boma la Ntcheu. Mbiri ya Booth sinandifooketse, koma yandipatsa mafunso oti ndiyankhe ndisanapemphe tambala ya munthu. Kodi mpambawo ndi wa yani, ndipo mwini wake adzafuna chiyani? Padzapita miyezi ingati ndalama isanayambe kulowa, ndipo miyezi imeneyo ndidzadya chiyani? Mtengo wa ntchito yanga akuukonza ndani? Funso lomaliza ndi limene likundivuta kwambiri, chifukwa magazi a amalume ali mwa inenso: kodi pakadzamveka mwayi wina wonunkhira bwino, ndidzatha kukhala pansi? Tchuthi chikubwerachi ndapempha amayi kuti ndizikakhala nawo pamsewu, ndiyambe ndaphunzira kumanga kansalu ka mpamba.